A Sodnom Akwatitsa Kavalo Kuchigwa

Kavalo wotuwa wa Udval anasowa ukwati utayandikira, ndipo pabanja lonse munthu yekhayo amene sanaoneke wodabwa anali a Sodnom, bambo ake a mkwatibwi.

Mayi Yanjmaa anaiona nkhope ya amuna awo m'mawa umenewo powathirira tiyi wamkaka, ndipo sinawasangalatse. Anakhala nawo zaka zambiri bambowa. Ikasowa ngakhale nkhosa yotsimphina, a Sodnom sagwira mbale ya tiyi. Amadumphira pa kavalo mkanjo usanamangidwe bwino, akutukwana mimbulu yonse ya m'dziko la Mongolia. Koma lero kwasowa kavalo wa mwana wawo mmodzi yekhayo, iwo ali phee, akuuzira tiyi.

"Bambo a Udval, mwamva zimene ndanena? Wotuwa uja palibe. Anyamata oweta aja anena kuti papita nthawi osamuona m'gulu."

"Ndamva. Akavalo amayenda. Nanga miyendo anapatsidwa kuti atani nayo?"

"Ndiye mungokhala?"

"Ndimwe kaye tiyi, mayi. Dzuwa silinakwere n'komwe."

Kwathu kuno kavalo sitimupatsa dzina, timangomutchula maonekedwe a ubweya wake. Koma wotuwa ameneyu sanali kavalo wamba. Anabadwa chaka chija chisanu chinapha ziweto mpaka anthu kusowa misozi, ndipo make anafa iye asanalimbe miyendo. Udval, ali kamtsikana, anamulowetsa mu geri, nyumba yathu yozungulira yonga hema, n'kumugoneka pafupi ndi mbaula, n'kumamuyamwitsa mkaka wa mbuzi ndi nyanga ya ng'ombe yoboola kunsonga. Kuyambira pamenepo aliyense ankadziwa kuti tsiku limene Udval adzapite ku banja lake, wotuwayo adzamutsatira pambuyo. Banja la mwamuna linauzidwa kale, ndipo linavomera ndi manja awiri.

Mwamunayo anali Mendee, mwana wa a Jamts a kuseri kwa phiri. Apa ndiye panali chilonda cha a Sodnom. Mnyamatayo analibe naye chifukwa. Koma bambo ake, chaka ndi chaka pa mpikisano wa Naadam, akavalo awo ankafika patsogolo, a a Sodnom n'kumabwera pambuyo akumeza fumbi. Ndiye a Jamts anali ndi khalidwe lonyansa lobwera kudzapepesa. "Chaka chino mwayesetsa ndithu, asewere," ankatero akuwapatsa kabotolo ka fodya. A Sodnom ankanunkhiza fodyayo mtima ukuwira.

Tsono ku chigwa cha Shar Bulag kunali takhi, akavalo akutchire aja amene anatheratu m'dziko muno masiku a agogo athu, n'kutsala ochepa okha m'makola a maiko akutali. Anabwera nawo pa ndege, m'mabokosi, ife tonse tikuonerera. Tinagwirizana kuti chigwacho ndi kasupe wake tiwasiyire, ziweto zathu zizithera kuno kwa mtunda. A Sodnom nawonso anakweza dzanja pa msonkhanowo, pamaso pa anthu onse.

Koma ankakonda kukhala pamtunda paja ndi choonera patali chawo, n'kumawayang'ana. Tinyama tafupitafupi, makosi onenepa, mitu ikuluikulu, manyenje ali njoo ngati tsache latsopano. Chisanu chikafika sadikira udzu wa munthu. Mmbulu ukayandikira amauponda. Tsiku lina maganizo anawalowa a Sodnom, ndipo maganizo akalowa m'mutu mwa bambo amenewa satulukamo ndi mawu. Anati mumtima: mwana wa nyama imeneyi atabadwa kwa kavalo wamiyendo yaitali ngati wotuwa uja, a Jamts adzaona msana wokhawokha.

Choncho masana ena, azimayi ali kalikiliki kusoka zovala za ukwati, a Sodnom anatenga wotuwa uja mwakachetechete, n'kudutsa naye mtunda. M'kakhwawa kobisika munali takhi wamphongo wachinyamata, amene anzake anamuthamangitsa m'gulu, akungokhala yekha ngati mbeta. A Sodnom anamasula chingwe. Ankati zikatheka adzangomutenganso kavaloyo, palibe amene adzadziwe, ndipo mwanayo akadzabadwa adzamupempha kwa Udval. Pobwerera ankaimba kanyimbo, ndipo mumtima anali atamutcha kale takhiyo kuti mkamwini.

Zokwatitsazo zinayenda bwino. Zobweza mkazi ndiye zinakanika.

Anapitako mobisa kangapo. Akaitana, wotuwa ankangodzutsa mutu n'kupitiriza kudya. Akayandikira, mkamwini ankatsitsa khosi, makutu atagona, n'kumukusa mkaziyo kulowa naye mkati mwa khwawa. Ndiye m'mawa umenewu tiyi ankamuuzira chifukwa chosowa chonena, osati chifukwa chotentha.

Asanamalize mbale yachiwiri, kunja kunamveka njinga yamoto. Anali Delgermaa, woyang'anira takhi, mwana wa kuno komwe amene a Sodnom anamuona akukwawa. Analowa, anakhala mbali ya alendo, analandira tiyi ndi manja awiri, n'kutola kachidutswa ka mkaka wouma m'mbale. Anafunsa za ziweto, za udzu, za ukwati. Kenaka ananena chimene anadzera.

"Mawa kukubwera alendo, aja amene amathandiza thumba la ndalama zosamalira takhi. Akufuna aone okha asanavomere kupitiriza. Ndikupempha aliyense kuti akavalo asadutse mtunda."

"Ife tadzuka ndi mavuto athu," anatero mayi Yanjmaa. "Wotuwa wa Udval wasowa. Ukamayenda uziyang'anako, mwana wanga."

"Ndiyang'ana, mayi. Kungoti chigwacho n'chachikulu, ine ndili ndi maso awiri okha. Makhwawa ena ndimatha mwezi osafikako."

A Sodnom anatsamwa ndi tiyi. Atatsokomola mokwanira anapukuta ndevu, n'kuyang'ana kudenga.

"Mwana wanga, ndifunseko. Tiyerekeze munthu wina. Osati wa kuno ayi, wa kutali. Kavalo wake wamkazi n'kusokera kwa takhi. Pali cholakwika? Onse si akavalo?"

Delgermaa anaika mbale pansi. "Cholakwika chilipo, bambo, chachikulu. Takhi atsala ochepa pa dziko lonse. Akayamba kuberekana ndi akavalo athu, pakapita zaka sipadzakhalanso takhi, padzangokhala akavalo afupiafupi aukali amene palibe angawakwere. Chachiwiri, akavalo athu ali ndi matenda amene iwo anawazolowera, koma takhi akawatenga amangogwa. Chachitatu, kavalo wa munthuyo ali pangozi. Akaberekera komweko mwana amene si wa mphongoyo, imamupha."

"Komatu mwana wa takhi angathamange," anatero a Sodnom. "Ndikungoganizira munthu wakutaliyo."

"Angathamange, inde. Kulowera kumene wafuna yekha. Mudzamukweza mwana wa ndani?"

Mayi Yanjmaa anaseka. A Sodnom sanaseke.

"Ndiye palinso izi," anapitiriza Delgermaa. "Udzu wouma uja munalandira chisanu chathachi, mukuganiza unagwa kumwamba? Chitsime chatsopano chija? Dokotala wa ziweto amene amabwera osakulipiritsani? Zonsezo zimachokera m'thumba lomwelo. Muli anthu akunja amene amasonkha, ena ndi ana asukulu, ena nkhalamba zopuma pa ntchito. Muli zimene alendo odzaona takhi amapereka pachipata, ndi kagawo ka nsapato zaubweya zimene amayi athu amagulitsa. Anthu amenewo sanatipemphe zambiri. Anangoti takhi akhale takhi, ndipo ife tikhale nawo mbali imodzi. Akaona kuti tikusewera, thumba latsekedwa. Ndege sibweranso, udzu kulibe."

Udval, amene ankasoka kumbali, anali atasiya singano.

"Munthu wakutaliyo," anatero Delgermaa akudzuka, "angobwera kudzandiuza msanga. Sitimanga munthu. Tili ndi njira zochotsera kavalo popanda wina kuvulala. Chimene asayese n'kupita yekha."

Mawu amenewo anali omveka ngakhale kwa ngamila. Koma a Sodnom anaganiza za nkhope ya akazi awo, anaganiza za misozi ya Udval, anaganiza za a Jamts akubwera kudzapepesa. Anati ayi. Munthu amene wakola akavalo olusa kuyambira ali mnyamata sangagonje kwa kanyama kofika m'chifuwa.

M'mawa mwake anavala chipewa chawo chabwino, chansonga, chimene ankati adzavale pa ukwati, poti ankafuna kubwerera ngati ngwazi. Anatenga mtengo wawo wautali wokolera akavalo, anakwera mfule wawo wokalamba wofiirira, n'kunena kuti akukafunsa kwa anansi.

Anawapeza m'kakhwawa komwe kaja. Wotuwa anali atawonda pang'ono, ali ndi bala la mano paphewa, ndipo a Sodnom ataliona mtima unawapweteka zenizeni. Kavalo ameneyu anagona pa mbaula yawo. Anafinya mfuleyo ndi mawondo, anatambasula mtengo, msampha uli lendelende pamwamba pa mutu wa wotuwa.

Mkamwini sanadikire kuti amve nkhani. Anabwera chammbali, pakamwa pali yasa, n'kuluma mfule uja pathako. Mfuleyo, amene pa zaka zonsezi sanathamangepo mokondweretsa mwini wake, tsiku limenelo anaonetsa luso. Anadumpha, anapinda msana, a Sodnom n'kupezeka ali pansi chagada, mtengo uli uko. Pamene ankadzuka, mfule anali kale pamtunda, akulunjika kunyumba.

Dziko lathu ndi lokongola, koma lili ndi vuto limodzi: mulibe mtengo woti munthu akwere. A Sodnom anathamanga ndi miyendo yawo yopindika ija ya munthu wokulira pa chishalo, kulunjika pa chimwala chimene chinali chapafupi. Chipewa chinagwa. Pokwera, jombo imodzi inatsalira m'mng'alu n'kugwera pansi. Anafika pamwamba akupuma ngati mvukuto.

Takhi uja anafika, anazungulira mwala, ananunkhiza jombo. Kenaka anapita pa chipewa. Anachinunkhiza nthawi yaitali. Ndiye anatembenuka bwinobwino, mosafulumira, n'kuchita pamenepo zimene mphongo zimachita pofuna kudziwitsa anzawo kuti dera lino lili ndi mwini.

A Sodnom anatseka maso. Chipewa cha mwamuna kwathu sichiikidwa pansi, sichidumphidwa, ngakhale mwana sachiseweretsa.

"Mkamwini wopanda mwambo," anatero ndi mawu otsika. "Kwanu anakulera ndani?"

Dzuwa linakwera. Mwala unatentha. Takhi ankadya udzu chapafupi ngati waiwala, koma a Sodnom akangotsitsa mwendo, mutu unkadzuka, makutu n'kugona. Mwendo unkabwerera. Ludzu linawagwira, dazi linayamba kupsa, ndipo anavula mpango wa m'chiuno n'kudzikulunga kumutu ngati mayi wopita kokama.

Chakumasana anaona zinthu zikung'anima pamtunda. Anapisa dzanja mu mkanjo, n'kutulutsa choonera patali. Kunali magalimoto awiri. Kunali azungu atatu, aliyense ali ndi choonera chake kumaso. Kunali Delgermaa. Ndipo pambali pake, atavala mkanjo wa silika wabuluu, panaima a Jamts, wapampando wa bungwe la abusa, amene anali atangomaliza kuuza alendowo kuti kuno palibe mbusa ndi mmodzi yemwe amene kavalo wake anapondapo m'chigwa.

A Jamts nawonso anali ndi choonera patali. Anthu awiriwa anayang'anana bwinobwino, wina pamtunda, wina pamwala. Kenaka a Jamts anakweza dzanja pang'onopang'ono, kupereka moni.

A Sodnom analakalaka mwala utang'ambika.

Mfule uja anali atafika kunyumba chishalo chili chopanda munthu, ndipo mayi Yanjmaa ndi Udval anatsata mapazi ake pa njinga yamoto mpaka pamtunda. Sipanafunike wowafotokozera. Wotuwa ankaoneka poyera pambali pa takhi, ndipo bambo wa pa mwala uja, ngakhale anali atafunda mpango, mimba yake ankaidziwa.

Delgermaa sanakalipe. Anauza aliyense kuti akhale pomwepo, osakuwa, osathamanga. Anafunsa Udval ngati kavaloyo amamvera mawu ake. Udval anapisa dzanja mu mkanjo n'kutulutsa nyanga ija, yakale, yosweka m'mphepete. Anali ataitenga pochoka kunyumba.

Anatsika awiriwo ndi galimoto imodzi, pang'onopang'ono, n'kuima patali. Udval anatuluka, anakweza nyanga, n'kuitana mmene ankaitanira kale m'mawa wachisanu, kamawu kotsika kogudubuza lilime. A Sodnom ali pamwala anakamva kamawuko. Anakumbukira kamtsikana ka manja ong'aluka ndi kuzizira, kakukana kugona mpaka kamwana ka kavalo katayamwa. Ndiye iwo anatenga kavalo ameneyo n'kukamutaya kutchire chifukwa cha mpikisano.

Wotuwa anadzutsa mutu. Analira kamodzi, n'kuyamba kuyenda, kenaka kuthamanga. Takhi anayesa kumutsekera, koma Delgermaa anayendetsa galimoto mofatsa n'kuiimika pakati pawo, osaliza hutala, osamuthamangitsa. Mphongoyo inaima, inapalasa pansi, inalira mokwiya. Kenaka inatembenuka n'kukwera khwawa, mchira uli m'mwamba. Wotuwa anafika n'kulowetsa mphuno m'khwapa mwa Udval.

A Sodnom anatsika. Anavala jombo. Chipewa anachiyang'ana n'kuchisiya pomwepo.

"Mwana wanga," anatero kwa Udval, "ine..."

"Mwapsa dazi, bambo," anatero Udval osawayang'ana. Ankasisita bala la paphewa pa kavalo wake, misozi ili m'maso. Zikanakhala bwino akanawakalipira.

Pamtunda, mayi Yanjmaa anawalandira ndi mawu ochepa. "Anansi aja mumakawafunsa ndi amenewa?"

Delgermaa anawakokera pambali. "Bambo, alendowa aona zonse. Ine sindiwanamiza. Munena nokha, kapena ndinene ine?"

A Sodnom anati anena okha. Anaima pamaso pa alendo, mutu uli pamtunda popanda chipewa, n'kufotokoza zonse, Delgermaa akumasulira. Sanabise za mpikisano. Anati kavaloyo sanasokere, anachita kumuperekeza okha. Anati a Jamts sananame, sankadziwa. Anati ngati pali chilango chigwere iwo, osati udzu wa anthu onse.

Mtsogoleri wa alendowo anali mayi wachikulire wa tsitsi loyera, wowonda, wa nsapato zafumbi. Anamvetsera mpaka pamapeto. Kenaka analankhula, Delgermaa n'kumasulira.

"Akuti ndalama zimene amabwera nazo si zawo. Akuti kwawo kuli ana amene amaphika makeke n'kugulitsa pa sukulu kuti takhi abwerere kwawo, ndipo iwo akabwerera amakaima pamaso pa anawo n'kunena zoona. Akuti zimene mwachita zikanatha kuwononga ntchito ya zaka zambiri." Delgermaa anamvetseranso. "Akuti chikuwadetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kavalo wakhala m'chigwa nthawi yonseyi popanda womuona. Ndiye akuti sanena kanthu mpaka dokotala amuyeze."

Delgermaa anafotokoza kuti kavaloyo apita ku khola la oyang'anira. Akapezeka ndi matenda, kapena ali ndi bere la takhi, akhala komweko akuyang'aniridwa mpaka adzabereke. Ukwati udzachitika iye kulibe.

Masiku otsatirawo mu geri ya a Sodnom munali mozizira ngakhale mbaula inkayaka. Tiyi ankaikidwa patsogolo pawo popanda mawu. Udval ankapita ku khola m'mawa uliwonse, n'kubwera n'kukhala pa zosoka zake. A Sodnom anatola ndowe zouma, ntchito imene sanaigwirepo chikwatirireni, ndipo palibe anawayamikira.

Tsiku la dokotala anthu anabwera ambiri, ena amene analibe nazo kanthu. A Jamts anafika molawirira n'kukhala pa mpanda. Dokotala, bambo wamfupi wosakonda kulankhula, anayang'ana m'kamwa, m'maso, m'mphuno. Magazi anali atatenga kale, ndipo anati alibe matenda. Kenaka anavala chovala chapulasitiki chofika paphewa n'kupita kumbuyo kwa kavalo. A Sodnom anagwira mpanda.

"Bere lilipo," anatero dokotala.

Udval anagwira pakamwa. Mayi Yanjmaa anawayang'ana amuna awo ndi diso limene sindikufuna kudzalionanso.

"Koma si la dzana ayi," anapitiriza dokotala akuvula chovala chija. "Ili ndi la kumayambiriro kwa nyengo yofunda, udzu ukungophuka. Kuchigwa anapita ali kale ndi pakati. Takhi wanu uja wangodyetsa mkazi wa mwini."

Anthu anayamba kuyang'anana. A Sodnom anakwinya nkhope. Mphongo yawo inali itafa chisanu chathachi, ndipo yatsopano anali asanagule.

A Jamts anatsokomola pa mpanda paja. Anatulutsa kabotolo ka fodya, n'kukapukuta ndi mkono wa mkanjo.

"Asewere, mukukumbukira nthawi ija mphongo yanga yakuda inasowa? Ija inapambana chaka chatha? Ndinaipeza kuseri kwa khola lanu. Sindinafune kukuvutitsani nazo." Anawapatsa kabotoloko ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira chigongono. "Ndiye mumavutikiranji kukwera miyala, mbewu yabwino ili pakhomo?"

Anthu anaseka mpaka akavalo anadzidzimuka. Mayi Yanjmaa anaseka mpaka kukhala pansi. Udval anaseka akulira, atakumbatira khosi la wotuwa. A Sodnom ananunkhiza fodya uja, anayetsemula, kenaka nawonso anayamba kuseka, poti panalibenso china choti achite.

Pa tsiku la ukwati, Udval atakwera kupita kwa mwamuna wake, wotuwa anatsatira pambuyo popanda chingwe, kansalu kabuluu kali pakhosi. A Sodnom anavala chipewa chobwereka kwa mlamu wawo, chachikulu pang'ono, chimene chinkatsikira m'makutu. Analira poyera, ndipo sananamizire fumbi.

Alendo aja anavomera kupitiriza, koma anaikapo mfundo imodzi: maso awiri sakwanira chigwa chonse, abusa eniake akhale alonda. Bungwe linagawa mitunda. Pofika pa kakhwawa kaja, a Jamts anati palibe chifukwa chovotera, pali munthu mmodzi amene amalidziwa deralo kuchokera pamwamba. Bungwe linagwirizananso kuti banja lililonse liziponyako kanthu m'thumba chaka ndi chaka, kuti lisamangodalira makeke a ana a eni. Wina anapereka ubweya, wina zingwe, wina chikopa. A Sodnom anati apereka nkhosa, ndipo anali ataiona kale ina yokalamba ya diso limodzi. Mayi Yanjmaa analowa m'khola okha n'kutulutsa yonona kuposa zonse.

Chisanu chitafika udzu wouma unabwera. Kutafunda ndege inabweranso ndi mabokosi, ndipo mwa takhi atsopanowo, awiri aakazi anakathera m'kakhwawa kaja. Kwa a Jamts wotuwa anabereka kamphongo kakuda kamiyendo yaitali, kamene aliyense akuti kadzavuta pa Naadam. A Sodnom amati n'kamdzukulu kawo, a Jamts amati n'kawo, ndipo Udval anawauza onse awiri kuti asakayandikire.

Chaka chinacho, m'mawa wina, a Sodnom ali pamtunda ndi choonera patali, anaona kanthu kotumbuluka kakudzandira pambali pa takhi wamkazi. Anapukuta galasi n'kuyang'ananso. Kenaka anatulutsa foni.

"Delgermaa, mwana wanga, bwera udzaone. Mkamwini wanga uja wabereka. Weniweni, wa manyenje oima."

Masiku ano anyamata akamadutsa ndi akavalo pafupi ndi mtunda, a Sodnom amawaimitsa, n'kuwauza mosazungulira. Akavalo athu azithera kuno, takhi azikhala uko, asasakanikirane. Kavalo akasokera m'chigwa, kauzeni oyang'anira tsiku lomwelo, musabise ndipo musapite nokha. Thumba la takhi si la azungu okha, ndi lathu, ndipo likauma, udzu, chitsime ndi dokotala zimauma nalo, choncho aliyense aziponyamo chimene angathe. Takhi anatisowa kamodzi, anthu ena n'kutisungira. Akasowanso, palibe kumene tidzakawatenge.

Mnyamata wina akayamba kutsutsa kuti mwana wa takhi angathamange, a Sodnom sakangana naye. Amangomulozera mwala uja, n'kumuuza kuti pamwamba pake palibe mthunzi.